Foni ya kampani ikabedwa ku Joni, chotayika chachikulu si foniyo

"Achimwene, ine ndi bambo akunyumba tili ndi kampani yaing'ono yonyamula katundu kuchokera kuno ku Johannesburg kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ofesi yathu ili ku Rosettenville, ogwira ntchito alipo 11. Mafoni 6 tinagula ife, anthu asanu otsalawo amagwiritsa ntchito mafoni awoawo. Mwezi wathawu mnyamata wathu wotolera katundu anamutsomphola foni pafupi ndi renki ya Noord Lachisanu madzulo, koma ife anadzatiuza Lolemba m'mawa. Pofika nthawi imeneyo akubawo anali atalembera makasitomala pa WhatsApp kuti tasintha akaunti ya kubanki, ndipo anthu awiri anatumizadi ndalama. M'fonimo munalinso zithunzi za mapasipoti a makasitomala ndi manambala a abale awo olandira katundu kumudzi. Bambo akuti mnyamatayo timudule malipiro, ndiponso mafoni onse azigona mu ofesi. Kwabweranso munthu wotsatsa pulogalamu yoyang'anira mafoni, yolipira mwezi ndi mwezi. Ine mutu waima. Tiyambire pati? Kodi lamulo la dziko lino lingatipeze olakwa?" Atero mayi wina wa ku Rosettenville.

Amayi, pepani ndi zimene zakuonekeranizi. Mtima ukhale m'malo, kampani yanu sinagwe. Ndakhala zaka zambiri ndikukonza makompyuta ndi mafoni a timakampani ta kuno ku Joni, ndipo nkhani ngati yanuyi ndaimva kwa onyamula katundu, kwa mabungwe a maliro, ngakhale kwa akuluakulu a mpingo. Zambiri mwa zimene ndikuuzeni sizifuna ndalama. Zimafuna kope limodzi, Loweruka limodzi lokhala pansi ndi anthu anu, ndi kulimba mtima pang'ono pouza ngakhale wachibale kuti nambala iyi si yako.

Tiyambe ndi wakubayo, chifukwa mukadziwa chimene iye akufuna, malamulo ake amadzilemba okha. Kale wotsomphola foni ankathamangira kukaigulitsa, n'kutha. Wamasiku ano amafuna foni ili chitsekulire. N'chifukwa chake amadikira munthu ali pakati polemba uthenga kapena akuyang'ana mapu, ndiye n'kukwatula, n'kumathawa chala chili pagalasi kuti isazime. Ikakhala kuti yatsekeka, amachotsa SIM n'kuiika m'foni ina, ndipo mauthenga onse a manambala otsimikizira, a WhatsApp, a imelo, nthawi zina a kubanki, amayamba kufika kwa iyeyo. Kwa inu anapezamo chinthu choposa ndalama: dzina lanu. Makasitomala anaona nambala yomwe ija amailembera mwezi ndi mwezi, chithunzi chomwe chija cha lole yanu, ndiye akanakayikira chiyani? Masiku atatu amene inu simunadziwe kanthu, wakubayo anali atakhala pampando wanu.

Ngati pali zina mwa izi zimene simunachite, chitani lero lomwe. Imbirani kampani ya netiweki, kaya ndi Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C, atseke SIM ija n'kukupatsani ina ya nambala yomweyo. Mukalembetsanso WhatsApp pa foni ina ndi nambala imeneyo, wakuba uja amatulutsidwa yekha. Ngati anatchera PIN yakeyake pa WhatsApp, mwina mudikira masiku 7 musanalowe, komabe iye amakhala atatuluka kale. Mukalowa, pitani pa Linked devices mukachotse chilichonse chimene simukuchidziwa, chifukwa akuba ochenjera amalumikiza kompyuta yawo pamenepo. Pemphaninso a netiwekiwo kuti foniyo aiike pa mndandanda wa mafoni obedwa. Adzakufunsani IMEI, nambala ya manambala 15 imene imalembedwa pa bokosi la foni, ndipo adzakupatsani nambala yotchedwa ITC imene mupite nayo kupolisi. Lamulo la RICA la 2002, lomwe lija limatilembetsa ma SIM, limafunanso kuti foni kapena SIM ikasowa, apolisi auzidwe. Ndikudziwa kuti ena mwa anyamata athu amazengereza kupita kupolisi chifukwa cha nkhani za mapepala. Ngati foniyo inagulidwa ndi kampani, mwini wake ndinu, pitani nokha ndi lisiti. Makasitomala awiri aja nawo auze mabanki awo ndi kutsegula mlandu, ndipo muwapatse nambala ya mlandu wanu kuti nkhani ziwirizi zilumikizane. Sindikulonjezani kuti ndalamazo zibwerera, pakuti masabata apitapo.

Za lamulo, sindikubisirani. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu lotchedwa POPIA, la 2013, limene linayamba kuluma kwenikweni pa 1 July 2021. Silisankha kuti kampani ndi yaikulu kapena yaing'ono, ndipo silifunsa ngati makasitomala anu ndi a dziko lino kapena a ku Mangochi. Gawo 19 limati amene akusunga mbiri za anthu azisamale m'njira zoyenera, ndipo gawo 22 limati zikagwera m'manja mwa munthu wosayenera, muuze bungwe la Information Regulator komanso eni ake a mbirizo mwamsanga. Chindapusa chimatha kufika R10 miliyoni. Musagwe mphwayi ndi chiwerengerocho, pakuti ndi denga chabe, ndipo kawirikawiri bungweli limayamba ndi kulamula kuti mukonze zinthu. Ngakhale unduna wa zachilungamo wa dziko lino, umene unalipitsidwa R5 miliyoni mu 2023, unalipitsidwa utalephera kuchita zimene unalamulidwa kukonza pambuyo pakuti makompyuta ake anathyoledwa mu 2021. Choncho cholakwa chachikulu n'kukhala chete. Lembani lipoti ku bungwelo, ndipo aliyense amene pasipoti yake inali m'fonimo muuzeni m'Chichewa chomveka: foni inabedwa tsiku lakuti, munali chithunzi cha pasipoti yanu, mukalandira uthenga wopempha ndalama m'dzina lathu musatumize. Auzeninso za SAFPS, bungwe limene limalembetsa mwaulere anthu amene ziphaso zawo zabedwa, kuti wina akafuna kutenga ngongole m'dzina lawo, obwereketsa akhale tcheru. Manyazi alipo, inde, koma kasitomala amakhululukira amene wamuchenjeza kuposa amene wamubisira. Kumudzi nakonso kunabwera lamulo lofanana nalo mu 2024, ndiye oimira kampani yanu ku Blantyre ndi ku Lilongwe asamaone ngati nkhaniyi ndi ya ku Joni kokha.

Tsopano tifike pamene ine ndimaona kuti ndi pamtima pa nkhani yonseyi. Mwandiuza kuti mafoni 6 munagula inu. Funso langa ndi lakuti, ma SIM ali m'mafoniwo analembetsedwa m'dzina la ndani? Nanga akaunti ya Google imene ili m'foni iliyonse anatsegula ndani, pasiwedi yake akuidziwa ndani? Ndikafunsa mafunso awiriwa m'maofesi ambiri, abwana amayang'ana mlembi, mlembi amayang'ana pansi. Zimapezeka kuti foni ndi ya kampani, koma SIM inalembetsedwa ndi pasipoti ya dalaivala amene anabwerera kumudzi chaka chatha, ndipo Gmail anatsegula mnyamata wa m'shopu pa tsiku logula. Pamenepo kampani ili ndi chigoba chokha, makiyi ali ndi ena.

Ndinaitanidwapo ku kampani ina yonga yanuyi, sindiitchula dzina. Nambala yawo ya WhatsApp, yolembedwa pa malole ndi pa malisiti onse, inali pa SIM ya mphwake wa abwana, chifukwa ndiye ankadziwa za mafoni pamene ankayamba bizinesi. Atayambana pa nkhani ya ndalama, mnyamatayo ananyamuka ndi foni yake, n'kukayamba kunyamula katundu payekha. Makasitomala anapitiriza kulembera nambala yomwe ija, osadziwa kuti mwini wasintha. Amalume akewo anandifunsa ngati ndingaibweze nambalayo pa kompyuta. Ndinawauza kuti ayi, pa mapepala nambalayo ndi ya mwanayo. Kupita naye kukhoti sakanatha, mlongo wawo akanawaona bwanji? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anapentanso malole.

Ndiye lamulo loyamba, loposa ena onse: nambala iliyonse imene kasitomala amaidziwa ikhale yolembetsedwa m'dzina la kampani, kapena la inu eni ake, ndipo akaunti ya Google kapena ya Apple ya m'foni ya kampani itsegulidwe ndi inu. Palinso chifukwa china. Foni ya Android ikafufutidwa mokakamiza, imafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale isanalole munthu kulowa. Chimenechi anachiika kuti chikhaulitse akuba, koma chimakhaulitsanso abwana amene wantchito wawo wachoka osasiya pasiwedi. Ndaona mafoni abwinobwino atagona m'madirowa a m'maofesi chifukwa cha zimenezi. Pa WhatsApp Business, foni yaikulu ikhale mu ofesi, ena alumikizidwe ngati zipangizo zowonjezera, zimene zimaloledwa mpaka zinayi. Foni ya mnyamata wa m'tauni ikabedwa, inu mumangoidula muli pampando, nambala n'kutsala m'manja mwanu.

Kenako gulani kope lachikuto cholimba, ngati lija timalembamo za chipereganyu. Foni iliyonse ikhale ndi tsamba lake: mtundu wake, IMEI, nambala ya SIM, PUK (nambala yotsegulira SIM ikatsekeka), akaunti imene ilimo, amene waitenga, tsiku, ndi siginecha yake. IMEI mumaiona mukaimba *#06#. Kumapeto kwa kopelo lembani manambala a netiweki ndi a kubanki oimbira zinthu zikavuta. Mapasiwedi musalembe m'kope lomwelo. Akhale mu envelopu yomata, m'malo okhoma, odziwa inu ndi bambo basi. Anthu a makompyuta anzanga amaseka ndikamanena za kope, koma Lachisanu usiku magetsi atazima, kope limatseguka.

Za maloko a mafoni. Tsiku lina ndili pamzere ku Park Station, bambo amene anali patsogolo panga anatsegula foni yawo kanayi ndikuona, pojambula chilembo cha L pa timadontho tija. Sindinkafuna n'komwe kuona, koma mpaka lero ndikuikumbukira. Ndipo galasi likagwira mafuta a m'manja, mzere wa chalawo umaonekera padzuwa. Choncho zojambulajambulazo zithe. Foni iliyonse yogwira ntchito ya kampani ikhale ndi PIN ya manambala osachepera 6, yosakhala chaka chobadwa kapena 123456, ndipo pagulu azitsegula ndi chala kapena nkhope kuti PIN isaonekere. Izizima yokha pakatha masekondi 30. PIN ya foni isafanane ndi ya kubanki kapena ya Mukuru, chifukwa wakuba akadziwa imodzi amaiyesa paliponse. Mafoni a masiku ano amabisa okha zonse zili m'kati mwake, koma chobisacho chimadalira loko wake. Loko akakhala wofooka, zonse zili poyera.

Pali zinthu zitatu zing'onozing'ono zimene zikanachepetsa kwambiri tsoka lanu lija. SIM iliyonse ikhale ndi PIN yakeyake, kuti ikaikidwa m'foni ina ikane kugwira ntchito. Samalani poika, pakuti mukalakwitsa katatu imafuna PUK, n'chifukwa chake ndati PUK ilembedwe m'kope. Chachiwiri, mauthenga asamawerengeke foni ili yotseka, chifukwa nambala yotsimikizira ikamaonekera pagalasi, loko alibenso ntchito. Chachitatu, pa WhatsApp tsegulani two-step verification, muikepo PIN ndi imelo ya kampani. Ndipo muwauze anthu anu mobwerezabwereza, mpaka atope nanu, kuti manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS sapatsidwa kwa munthu aliyense. Uthenga uja wakuti "ndatumiza khodi kwa iwe molakwitsa, tanditumizire" umabwera pa nambala ya mnzako weniweni, chifukwa nayenso anamubera kale.

Opanga mafoni nawo anadzuka. Kuyambira 2024, mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo ali ndi Theft Detection Lock, imene imatseka foni ikamva kuti yakwatulidwa n'kuthamangitsidwa, komanso Remote Lock, yokulolani kutseka foni muli kutali pongolemba nambala yake. Pa iPhone pali Stolen Device Protection, imene inabwera mu January 2024, yochititsa kuti wodziwa PIN yekha asathe kusintha pasiwedi ya akaunti popanda nkhope kapena chala cha mwini wake. Zonsezi ndi zaulere, koma pa mafoni ambiri zimafuna munthu azitsegule. Sizigwira nthawi zonse, ndiye musazidalire ngati mlonda. Zili ngati galu wa pakhomo, amathandiza koma chitseko mumakhomabe.

Zithunzi za mapasipoti zija zikundivutitsa maganizo kuposa ndalama zimene zinapita. Dzifunseni, n'chifukwa chiyani zinali m'foni ya mnyamata woyenda wapansi m'tauni? Ngati zikufunika pa mapepala a pachipata, zifike ku ofesi tsiku lomwelo, zisungidwe pamalo amodzi, m'foni zifufutidwe. Katundu akafika ndipo palibe dandaulo, zimene lamulo la msonkho silikukakamizani kusunga zichotsedwe. POPIA yomweyo imati mbiri za anthu zisasungidwe kupitirira nthawi imene zikufunika. Onaninso kuti WhatsApp isamatsitsire zithunzi mosakaniza ndi zithunzi zina za m'foni, chifukwa kumeneko zimatha kukwera zokha ku Google Photos ya munthuyo, ndipo akadzasiya ntchito amapita nazo osadziwa n'komwe. Chimene mulibe sichibedwa.

Pa ndalama ikani lamulo limodzi losapindika, ndipo makasitomala alidziwe: akaunti ya kubanki ya kampani sisintha kudzera pa WhatsApp. Ilembeni pa lisiti lililonse ndi pakhoma la ofesi, pansi pake mawu akuti mukalandira uthenga wosintha akaunti, imbani nambala ya ofesi musanatumize. App ya kubanki ya kampani isakhale m'foni iliyonse yoyenda m'misewu. Ikhale m'foni imodzi ya mu ofesi, ndipo muike malire a ndalama zotuluka pa tsiku.

Anthu asanu ogwiritsa ntchito mafoni awoawo aja ndiye pamafunika nzeru. Foni ndi yawo, anagula ndi thukuta lawo, madzulo mwana amaonerapo makatuni, mkazi amaimbirapo kumudzi. Simungawalamule ngati kuti ndi katundu wanu. Njira yoongoka, ngati thumba likulola, n'kuwagulira mafoni otsika mtengo a ntchito yokha. Apo ayi, Android ili ndi chimene amati work profile, chipinda chapadera m'foni momwemo. Mapulogalamu a ntchito amakhala m'chipindacho, ali ndi kachizindikiro ka chikwama, ndi loko wawo. Mukakhala ndi pulogalamu yoyang'anira mafoni, inu mutha kufufuta chipinda chokhacho munthu akachoka, koma zithunzi zake, mauthenga ake ndi mapulogalamu ake simungazione. Afotokozereni zimenezi poyera, chifukwa wantchito akangoganiza kuti abwana akuwerenga mauthenga ake ndi chibwenzi, amagula foni yachiwiri yobisa, ntchito yanu n'kusamukira kumeneko. Ndipo musayerekeze kuika mapulogalamu aukazitape m'mafoni mwawo. RICA imaletsa kumvetsera kapena kuwerenga mauthenga a anthu mwachisawawa, ndipo ngakhale pa foni ya kampani, lembani m'chikalata zimene kampani imatha kuona, monga pamene foni ili nthawi ya ntchito, munthu asaine akudziwa.

Wotsatsa pulogalamu uja sakukunamizani, zinthuzi zilipo ndipo zimagwira ntchito. Amazitcha MDM. Muli pa kompyuta imodzi mumatha kukakamiza PIN pa mafoni onse, kuletsa mapulogalamu osafunika, kuona foni imene yatsalira pa zatsopano, kutseka kapena kufufuta yobedwa. Zodziwika ndi monga Microsoft Intune, Samsung Knox, ndi zimene zimabwera pamodzi ndi Google Workspace. Musanasaine, onani kaye ngati simukulipira kale, chifukwa amene ali ndi imelo ya kampani ya Google Workspace kapena Microsoft 365 Business Premium, zoyang'anira mafoni zili momwemo. Kenako m'funseni mafunso atatu. Makiyi aakulu a pulogalamuyo adzakhala ndi ndani, inu kapena iye? Mukadzasiyana naye, mafoni adzamasulidwa bwanji? Foni ikabedwa Loweruka usiku, ayankha ndani? Akamazungulira pa funso loyambalo, m'perekezeni bwinobwino mpaka pageti, pakuti mungangochotsa makiyi kwa dalaivala n'kuwapereka kwa mlendo. Maganizo anga ndi akuti pa mafoni 11 mungayambe popanda MDM, bola kope ndi malamulo zikuyenda, ndiye muionjezere miyezi ingapo ikubwerayi. Mafoni akapitirira pamene inu mungawagwire m'manja limodzi ndi limodzi mwezi uliwonse, pamenepo ndiye yafunika ndithu. Pulogalamu yoikidwa pamwamba pa chisokonezo imangokhala ngongole ya mwezi ndi mwezi.

Dziwaninso malire ake, makamaka inu a pamsewu. Lamulo lofufuta foni limafika pokhapokha foniyo ikalumikizidwa ku intaneti. Lole ikawoloka Beitbridge, kudutsa Nyamapanda, Tete, mpaka ku Mwanza, foni ya dalaivala imatha masiku ilibe data, kapena waikamo SIM ya m'dziko limene alimo. Ikasowa kumeneko, chokutetezani ndi PIN yolimba ndi kuchepa kwa zimene zilimo, basi. Choncho dalaivala anyamule mndandanda wa ulendo umenewo wokha, osati wa makasitomala onse a chaka chathunthu. M'patseni tchaja ya m'galimoto ndi power bank, kuti asamasiye foni pa kauntala ya munthu wosam'dziwa kuti itchajidwe iye akukadya. Za Wi-Fi ya m'malo ogona anthu amaopsezana kwambiri, koma mapulogalamu ambiri masiku ano amabisa okha zimene akutumiza. Ine chimene chimandiopsa kwambiri ndi foni yosiyidwa m'manja mwa munthu.

Zoti mafoni onse azigona mu ofesi, auzeni bambo kuti maganizowo ndi abwino theka. Foni ya ndalama ndi foni yaikulu ya WhatsApp, inde, zigone m'malo okhoma. Koma foni yanu inabedwa nthawi ya ntchito, osati usiku, ndipo dalaivala amene ali ku Tete sangabweze foni madzulo. Kuunjikanso mafoni onse m'kabati imodzi n'kukonzera mbala mtolo. Chimene chingathandize kwambiri n'chakuti tsiku lolandira malipiro aliyense abwere ndi foni, muione mphindi zisanu: loko alipo, zatsopano zalowa, mulibe mapulogalamu achilendo. Mukapezamo WhatsApp yosavomerezeka yotchedwa GB WhatsApp kapena mapulogalamu ena otumizirana pa Bluetooth ndi pa maulalo, achoke pomwepo. Anyamata amawakonda chifukwa amaonetsa mauthenga ofufutidwa, koma palibe amene akudziwa chimene chili m'kati mwake, ndipo WhatsApp imatha kutseka nambala yogwiritsa ntchito zimenezo. Tangoganizani nambala ya pa malole anu itatsekedwa mu December. Foni yakale kwambiri imene inasiya kulandira zokonza za chitetezo ipumitseni, ndipo pogula ina funsani kuti ilandira zaka zingati. Galasi likasweka, foni isapite ku timashopu ta m'tauni pamodzi ndi PIN yake. Wokonza akaumirira PIN, imani pomwepo mutsegule nokha, SIM ili m'thumba mwanu.

Tibwere kwa mnyamata uja. Ndikumvetsa mkwiyo wa bambo, koma taganizirani chimene chinam'khalitsa chete kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba. Ndikhulupirira ankaopa zomwezi zimene mukukambiranazi, mwina ankayendayenda kufuna ngongole kuti agule ina inu musanadziwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa inafa ndi ndalama za makasitomala anu. Mukam'dula malipiro anzake akuona, mwaphunzitsa onse khumi kuti foni ikasowa, bisa. Ndipo lamulo la ntchito la dziko lino, Basic Conditions of Employment Act la 1997, pa gawo 34, silikulolani kungodula. Pamafunika kuti wantchito avomere polemba, kuti zioneke kuti kutayikako kunali kulakwa kwake, kuti mwamumva mbali yake mwachilungamo, ndipo zodulazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake. Munthu wolandidwa foni pamsewu n'kovuta kunena kuti analakwa. Kuchedwa kunena ndiye kulakwa, koma kodi munamuuzapo kuti anene kwa ndani, pa nambala iti, pasanathe nthawi yanji? Ngati simunamuuze, m'chenjezeni pakamwa, nkhani ithe. Mukadula mwaukali mungakapezeke ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, kutaya masiku ndi ndalama zoposa mtengo wa foniyo.

M'malo mwake lembani lamulo ili pamwamba pa chikalata, m'zilembo zikuluzikulu: foni ikasowa, ngakhale ukungoikayikira, imba nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ndipo wonena msanga sadzalipitsidwa. Aliyense akhale ndi kakhadi m'chikwama kolembedwa nambala yanu ndi ya bambo, chifukwa masiku ano palibe amene amasunga nambala pamtima, zonse zimapita ndi foni yobedwayo. Muwauzenso kuti asalimbane ndi wakuba, ndipo pulogalamu yofufuzira foni yotayika ikaonetsa kuti foni ili m'nyumba inayake ku Hillbrow, asasonkhanitse anzawo kukagogoda. Zimenezo apatseni apolisi. Chikalata chonsecho chisapitirire tsamba limodzi, chikhale m'Chichewa ndi m'Chingerezi, muwerengere limodzi, aliyense asaine. Inu ndi bambo musainenso, ndipo mafoni anu akhale oyamba kuonedwa, chifukwa m'makampani ambiri foni yosatetezeka kuposa onse ndi ya abwana.

Munthu akamasiya ntchito, kaya mwamtendere kaya mokangana, zonse zichitike tsiku lomwelo iye ali pomwepo: abweze foni ndi SIM, atuluke m'magulu a WhatsApp a ntchito, chipangizo chake chidulidwe pa Linked devices, mapasiwedi amene ankawadziwa asinthidwe, foni ifufutidwe isanaperekedwe kwa wina.

Pali pamene simuyenera kulimbana nazo nokha. Mukaona kuti makasitomala akulandirabe mauthenga abodza ngakhale mwabweza nambala, kapena imelo ya kampani ikutumiza zinthu zimene simunalembe, itanani wodziwa za makompyuta aone ngati wakubayo sanasiye khomo lina, monga kulozetsa maimelo anu ku adiresi yake. Foni ya mu ofesi ikangotaya netiweki mwadzidzidzi pamene ena onse ali nayo, musadikire kuti ibwerera yokha. Imbirani a netiweki ndi a kubanki pa foni ina nthawi yomweyo, chifukwa umo ndi mmene zimaonekera wina akasamutsira nambala yanu pa SIM yake. Kasitomala akayamba kunena zokusumirani, kapena Information Regulator ikakulemberani kalata, pezani loya musanayankhe. Ndipo pa nkhani ya mnyamatayo, ngati bambo akuumirirabe zodula, afunse kaye wodziwa malamulo a ntchito asanagwire pa envelopu ya malipiro.

Loweruka likubwerali, ikani mafoni onse 11 patebulo, pambali pake kope ndi cholembera. Yambani ndi foni imene nambala yake yalembedwa pa malole, mufunse kuti SIM yake ili m'dzina la ndani.